Timasetilaiti Tating'ono pa Ulenje wa Chinthu Chosaoneka

M'tauni ya Lead, m'chigawo cha South Dakota ku America, muli mgodi wakale wa golide wotchedwa Homestake. Golide anasiya kukumbidwa, koma chikepe cha mgodiwo chikugwirabe ntchito. Masiku ano chimatsitsa asayansi pafupifupi kilomita imodzi ndi theka pansi pa nthaka, kumene kuli thanki yokhala ndi matani 7 a xenon wamadzimadzi, wozizira madigiri pafupifupi 100 pansi pa ziro. Chipangizochi chimatchedwa LZ. Usana ndi usiku chimangokhala chete mumdima, kudikira kuti kanthu kena kosaoneka kagunde atomu imodzi ya xenon n'kuthwanimitsa kakuwala.

Cha kum'mawa kwake, m'chigawo cha Illinois, akatswiri a ku Fermilab ndi anzawo a pa yunivesite ya Illinois ku Urbana-Champaign anakonza chipangizo china chosakira chinthu chomwecho. Chawochi n'chosiyana m'zonse. Ndi kasetilaiti kotchedwa DarkNESS, kokula ngati bokosi la nsapato, ndipo timaso take tinayi timalemera magalamu ochepa chabe. Malo amene anakakonzera si pansi pa thanthwe ayi, koma kumwamba, makilomita mazana angapo pamwamba pa mitu yathu.

Alenje awiri akusaka nyama imodzi, wina walowera kudambo, wina wakwera phiri. Palibe amene wasochera. Pali malo ena amene nyamayi ingabisale amene wakudambo sangawafikire, ngakhale atakhala ndi agalu ochuluka chotani. Tiyeni tione chifukwa chake, tionenso zimene timasetilaiti tingathe ndi zimene sitingathe.

Chimene chikusakidwa

Nkhaniyi inayamba ndi masamu amene anakana kugwirizana. Mu 1933 Fritz Zwicky, katswiri wa zakuthambo wa ku Switzerland amene ankagwira ntchito ku California, anayeza liwiro la milalang'amba ya m'gulu lotchedwa Coma ndipo anapeza kuti ikuthamanga mopitirira muyezo. Mukamangirira mwala ku chingwe n'kumauzunguza, chingwecho chimafunika kulimba malinga ndi liwiro la mwalawo, apo ayi chimaduka mwala n'kuuluka. Kuthambo, chingwe ndicho mphamvu yokoka, ndipo mphamvuyi imachokera ku kulemera kwa zinthu. Nyenyezi zonse zimene Zwicky ankaona sizinali zolemera mokwanira kuti zigwire milalang'amba yothamanga chotero. Iye anati payenera kukhala china cholemera chimene sichiwala.

Anzake ambiri sanazitengere. Nkhani inadzamveka m'zaka za m'ma 1970, pamene Vera Rubin ndi Kent Ford anayeza mmene nyenyezi zimazungulirira m'mlalang'amba wa Andromeda ndi ina yambiri. Pa mapulaneti ozungulira dzuwa, lakutali limayenda pang'onopang'ono kuposa lapafupi. Koma m'milalang'amba, nyenyezi za kumphepete zinkathamanga mofanana ndi za mkati. Mu 2006 panabwera umboni wina kuchokera ku magulu awiri a milalang'amba amene anawombana, otchedwa Bullet Cluster. Mpweya wotentha wa m'magulumo, umene umalemera kuposa nyenyezi zake zonse, unakodwa pakati. Koma asayansi atayeza kumene kuli kulemera kwenikweni, poona mmene kukupindira kuwala kochokera kumbuyo, anapeza kuti kunangodutsa osakodwa.

Setilaiti ya Planck, imene bungwe la European Space Agency linaikweza mu 2009, inathandiza kuwerengera kuchuluka kwake. Pa magawo 100 alionse a zonse zimene zili m'chilengedwe, pafupifupi 5 okha ndi zinthu zopangidwa ndi maatomu, monga nyenyezi, miyala, madzi ndi matupi athu. Magawo pafupifupi 27 ndi chinthu chosaonekachi, chimene asayansi amachitcha dark matter. Otsalawo ndi mphamvu ina imene ikufutukula thambo. Alipo akatswiri ena, kuyambira Mordehai Milgrom mu 1983, amene amati mwina cholakwika ndi kamvedwe kathu ka mphamvu yokoka. Maganizo awo amafotokoza bwino kuzungulira kwa milalang'amba, koma amavutika kufotokoza magulu owombana aja ndi zimene Planck inayeza.

Dzina lakuti dark matter limanena za mdima, koma lisatisocheretse. Chinthu chakuda chimatchinga kuwala, pamene ichi sichitchinga, sichinyezimira, sichiwala. Kuwala kumangodutsa. Ndipo sichili kutali kokha. Chikudutsa m'chipinda chimene mwakhalamo, koma chili chomwazika kwambiri moti mutasonkhanitsa chonse chimene chili m'malo aakulu ngati dziko lapansi, sichingakwane kilogalamu imodzi.

Zaka pafupifupi 40 pansi pa nthaka

Kwa nthawi yaitali asayansi ambiri ankaganiza kuti dark matter ndi tinthu tolemera ngati maatomu koma tamanyazi, tosakonda kukhudzana ndi china chilichonse. Anatipatsa dzina lakuti WIMP. Mu 1985 Mark Goodman ndi Edward Witten anasonyeza kuti tinthu totere, mwa apo ndi apo, tingagunde phata la atomu mwamphamvu yoti n'kuyezedwa. Ulenje unayambira pamenepo.

Vuto linali phokoso. Dziko lapansi limavumbwidwa nthawi zonse ndi tinthu tamphamvu tochokera kuthambo. Tikagunda mpweya timaswa maatomu n'kutulutsa tina totchedwa muon, ndipo pachikhatho chanu chotambasula pamadutsa pafupifupi kamodzi pa sekondi iliyonse. Kusaka WIMP pamtunda kuli ngati kufuna kumva kulira kwa udzudzu m'chigayo chikugaya. Njira yake ndiyo kuthawira pansi, kuti thanthwe litseke phokosolo. Nzeru imeneyi inayesedwa kale kuno kum'mwera kwa Africa. Mu 1965 Frederick Reines wa ku America ndi Friedel Sellschop wa pa yunivesite ya Witwatersrand anatsitsa zipangizo makilomita oposa atatu m'mgodi wa golide wa ku Boksburg, kum'mawa kwa Johannesburg, m'dera la migodi imene makolo athu ambiri anakagwirako ntchito. Kumeneko anagwira tinthu totchedwa neutrino topangika mumpweya wa dziko lapansi.

Lero zipangizo zosakira dark matter zili pansi pa phiri la Gran Sasso ku Italy, m'mgodi wa ku Sudbury ku Canada makilomita awiri pansi, pansi pa mapiri a Jinping ku China, ndi ku Homestake kuja. Zinayamba ndi makilogalamu ochepa, lero zikuwerengedwa m'matani. Gulu limodzi la ku Gran Sasso, lotchedwa DAMA, lakhala likunena kwa zaka zoposa 20 kuti limaona chizindikiro chimene chimakwera ndi kutsika chaka chilichonse. Koma magulu a ANAIS ku Spain ndi COSINE ku South Korea atabwereza kuyesako ndi miyala ya mtundu womwewo, sanachipeze. Zipangizo za xenon nazo sizinagwire WIMP ngakhale imodzi. Mu 2024 ziwiri mwa izo, XENONnT ndi PandaX-4T, zinayamba kuona zizindikiro za ma neutrino ochokera kudzuwa. Ndi umboni wa luso lalikulu, komanso ndi chenjezo, chifukwa ma neutrino palibe thanthwe limene lingawatseke, ndipo chizindikiro chawo chimafanana ndi cha WIMP.

Thanthwe loteteza likhozanso kubisa

Zipangizo zazikulu za pansi pa nthaka zinamangidwa pa maganizo awiri, akuti tinthu ta dark matter n'tolemera ndiponso n'tamanyazi. Limodzi mwa maganizowa likakhala lolakwika, chipangizo chikhoza kudikira mpaka kalekale.

Tiyambe ndi kulemera. Kanthu kopepuka kuposa pulotoni kakagunda phata la xenon, kali ngati njere ya mapira yoponyedwa pa mtondo. Mtondo susuntha. Kanthu kotere kangasunthe chinthu chopepuka chokhachokha, monga elekitironi, ndipo pamafunika diso lotha kuona elekitironi imodzi yokha ikachoka pamalo pake.

Nanga manyazi? Tiyerekeze kuti tinthu tina ta dark matter timakhudzana ndi maatomu mosavuta. Munthu angaganize kuti totere n'tosavuta kugwira, koma zili mosiyana. Tisanafike ku chipangizo cha m'mgodi timayenera kudutsa thanthwe lochindikala kilomita imodzi kapena ziwiri, tikugunda maatomu njira yonse, ndipo timafika titatheratu liwiro. Mono wotcheredwa kumunsi kwa damu sugwira nsomba zimene damu lazitsekera kumtunda. Ngakhale chipangizo cha pamtunda chili ndi chotchinga, chifukwa mpweya wonse umene uli pamwamba pathu umalemera ngati madzi akuya mamita 10. Kuti munthu aone tinthu totere tisanafooke, ayenera kukwera pamwamba pa mpweyawo.

Umboni wakuti njirayi ili ndi phindu unabwera mosayembekezereka. Mu 1999 gulu la Dan McCammon wa pa yunivesite ya Wisconsin linakweza roketi kuchokera ku White Sands, m'chigawo cha New Mexico, itanyamula chipangizo chotchedwa XQC choyezera cheza cha X-ray. Roketiyo inakhala pamwamba pa mpweya kwa mphindi zochepa n'kubwerera pansi. Patapita zaka, akatswiri ena anatenga zimene inayeza n'kusonyeza kuti mitundu ina ya dark matter yosachita manyazi kulibe, chifukwa ikanakhalapo ikanagunda chipangizocho. Mphindi zochepa zinatseka khomo limene zaka zambiri za m'migodi sizikanalitseka. Ngati roketi ya mphindi zochepa inatha zimenezo, setilaiti yokhala kumwamba chaka chathunthu ingathe zochuluka bwanji?

Apa tinene zoona zonse. Kuwala kwakale kwambiri kumene Planck inayeza kumasonyeza kuti dark matter yambiri ndi yamanyazi ndithu. Yosachita manyazi, ngati ilipo, ndi kagawo kakang'ono chabe. Koma zinthu zooneka zili ndi mitundu yambiri ya tinthu, ndipo palibe chifukwa choganizira kuti zosaoneka zili ndi mtundu umodzi. Kugwira kagawo kakang'onoko kungakhale kutsegula khomo la nyumba yonse.

Zimphona zinafika kale kumwamba

Kusaka dark matter mumlengalenga si kwachilendo, koma poyamba kunali kwa zipangizo zikuluzikulu zimene zimasaka phulusa m'malo mwa moto. Ngati tinthu ta dark matter timawonongana tikakumana, tiyenera kusiya cheza kapena tinthu tina todziwika. Chipangizo cha PAMELA, chimene chinakwezedwa mu 2006, chinapeza tinthu totchedwa positron tochuluka kuposa mmene ankayembekezera. Cha AMS-02, cholemera matani pafupifupi 7 ndiponso chodya ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni, chinamangiriridwa ku International Space Station mu 2011 motsogozedwa ndi Samuel Ting, ndipo chinatsimikiza kuchulukako. Telesikopu ya Fermi, yokwezedwa mu 2008, inaona cheza cha gamma chochuluka pakati pa Mlalang'amba wathu. China nayo inakweza DAMPE mu 2015.

Zonsezi n'zoona, koma palibe chimene chathetsa mkangano, chifukwa nyenyezi zakufa zozungulira mwaliwiro, zotchedwa pulsar, zikhozanso kutulutsa zizindikiro zomwezo. Ndipo chipangizo chotere chimatenga zaka khumi kapena kuposerapo kuti chimangidwe. Maganizo atsopano akabwera, chimphona sichitembenuka msanga.

Kabokosi ndi diso lake

Mu 1999 aphunzitsi awiri, Jordi Puig-Suari wa pa California Polytechnic State University ndi Bob Twiggs wa pa Stanford, ankafuna setilaiti yoti ophunzira awo aimange n'kuimaliza asanachoke pasukulu. Anagwirizana za kabokosi ka masentimita 10 mbali zonse, kotchedwa CubeSat. Timabokosi toyamba tinakwezedwa mu 2003. Nzeru yake yagona pa muyezo umodzi. Popeza kukula kwake n'kodziwika, zida zake zimagulidwa zopangapanga, ndipo kasetilaiti kamakwera roketi ya ena ngati munthu wopempha matola. Timabokosi timalumikizidwa, ndipo DarkNESS ndi ya timabokosi 6. Kampani ya Firefly Aerospace inaisankha kuti idzakwere pa roketi yake pansi pa ndondomeko yothandiza masukulu.

Kabokosi pakokha sikakanathandiza pakanapanda diso latsopano. Diso limeneli ndi mbadwa ya CCD, kachipangizo ka silikoni kamene Willard Boyle ndi George Smith anakatulukira mu 1969, kamene kanabweretsa makamera osagwiritsa ntchito filimu. Pankhope pake pali timabokosi ting'onoting'ono toposa miliyoni, totchedwa mapikiseli. Kuwala kapena kanthu kena kakagunda silikoni, maelekitironi amamasuka n'kusonkhana m'pikiseli. Kenako amapatsiridwa kuchoka pikiseli ina kupita ina, monga anthu opatsirana njerwa pamzere, mpaka afike pakona pamene pali sikelo yake. CCD wamba imayeza kamodzi n'kutaya, ndipo imaphonya ndi maelekitironi awiri kapena atatu. Pa chithunzi cha ukwati zimenezo zilibe kanthu, koma kwa wosaka elekitironi imodzi ndi khungu lenileni.

Mtundu wotchedwa skipper umayeza popanda kutaya. Umaika maelekitironi pasikelo, kuwachotsa, kuwabwezanso, mobwerezabwereza. Taganizirani sikelo ya pamsika imene singano yake imanjenjemera. Mukayeza thumba kamodzi simungaikhulupirire, koma mukaliyeza maulendo 100 n'kutenga chapakati, kuphonya kumachepa kakhumi. Maganizowa analipo kuyambira cha m'ma 1990, koma anadzatheka mokwanira mu 2017, pamene Javier Tiffenberg ndi anzake ku Fermilab, pogwiritsa ntchito timaso tokonzedwa ku Lawrence Berkeley National Laboratory, anayeza pikiseli iliyonse maulendo masauzande n'kutha kunena motsimikiza kuti umu mulibe kanthu, umu muli elekitironi imodzi, umu muli awiri. Kumasula elekitironi m'silikoni kumafuna mphamvu yochepa kuposa ya kadontho kamodzi ka kuwala kooneka ndi maso. N'chifukwa chake gulu la SENSEI, limene linaika timaso ta magalamu ochepa mamita pafupifupi 100 pansi pa Fermilab, linatha kufufuza dark matter yopepuka m'malo amene matani a xenon sankafikako. Diso lopepuka chonchi ndi limene lingakwane m'kabokosi.

Mphepo yochokera ku Cygnus

Tiyerekeze kuti kasetilaiti kali kumwamba ndipo maelekitironi akuoneka m'mapikiseli. Tidzadziwa bwanji kuti wawamasula ndi dark matter? Yankho lili m'kayendedwe ka dzuwa.

Dzuwa, pamodzi ndi mapulaneti ake, limazungulira pakati pa Mlalang'amba pa liwiro la makilomita oposa 200 pa sekondi, kulowera ku gulu la nyenyezi lotchedwa Cygnus. Kuno kwathu gululi limaoneka chakumpoto madzulo a miyezi ya August ndi September. Wopalasa njinga mvula ikugwa amadziwa kuti madontho amamumenya kumaso ngakhale kulibe mphepo. Ifenso tikupalasa m'kati mwa dark matter, choncho imatiomba ngati mphepo yochokera ku Cygnus.

Dark matter yamanyazi imadutsa dziko lonse lapansi ngati palibe kanthu. Koma yosachita manyazi imatsekedwa nalo. Setilaiti yapafupi imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 90. Nthawi ina imayang'anizana ndi Cygnus popanda chotchinga, nthawi ina dziko limaima pakati. Ikhozanso kutembenuzidwa, zenera lake n'kuloza ku Cygnus kapena kumbali. Ngati maelekitironi achuluka zenera likaloza kumphepo, n'kuchepa likafulatira kapena dziko likatchinga, ndipo zimenezi zikuchitika mobwerezabwereza kwa miyezi, ndiye kuti pali chifukwa chomveka chotcherera khutu. Dziko lomwe linali chopinga kwa a m'migodi lasanduka chitseko chotsegula ndi kutseka.

Kamzere ka 3.5 keV

Ntchito yachiwiri ya timaso totere ndiyo kuyang'ana cheza cha X-ray, chimene sichifika pansi chifukwa mpweya umachimeza. Pali maganizo akuti dark matter ndi mtundu wina wa neutrino wolemererapo, umene patapita nthawi yaitali kwambiri umasweka n'kutulutsa cheza cha mphamvu imodzi yosasintha. Pa chithunzi cha mphamvu za cheza, zimenezi zingaoneke ngati kamzere kamodzi koima pakokha.

Mu 2014 magulu awiri, lina lotsogozedwa ndi Esra Bulbul, lina ndi Alexey Boyarsky, analengeza kuti aona kamzere kotere pa mphamvu ya 3.5 keV, poyang'ana magulu a milalang'amba ndi Andromeda. Mitima inadumpha, ndipo panalembedwa zofufuza mazanamazana. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ena anati kamzereko kangachokere ku potaziyamu kapena sulufule wa mumpweya wotentha. Setilaiti ya Hitomi ya ku Japan, isanawonongeke mu March 2016 patangotha milungu yochepa ikwezedwe, inayang'ana gulu la Perseus ndipo sinakaone. Mu 2020 Christopher Dessert, Nicholas Rodd ndi Benjamin Safdi anasanthula zimene telesikopu ya XMM-Newton inasonkhanitsa kwa zaka zambiri, osakapezanso.

M'mkangano umenewu kasetilaiti kanalankhulapo kale. HaloSat, ya timabokosi 6, inamangidwa pa yunivesite ya Iowa motsogozedwa ndi Philip Kaaret. Inatulutsidwa kuchokera ku International Space Station mu July 2018 ndipo inapsa mumpweya mu January 2021. Ntchito yake yeniyeni inali kuyeza mpweya wotentha wozungulira Mlalang'amba wathu, koma gulu lake linasakanso kamzere ka 3.5 keV ndipo silinakapeze. Mphamvu ya HaloSat inali m'kuona kwake kotakata. XMM-Newton imaona kachigawo ka thambo kokula ngati mwezi wathunthu, pamene HaloSat inkaona chigawo chimene m'mimba mwake mungandandalike miyezi pafupifupi 20. Dark matter yatizungulira mbali zonse, choncho cheza chake chingabwere ngati nkhungu yofalikira, ndipo diso laling'ono lotakata likhoza kupikisana ndi lalikulu lopapatiza. DarkNESS inakonzedwa kuti iyang'ane pakati pa Mlalang'amba, kumene dark matter iyenera kukhala yothithikana. Malo amenewa amadutsa pafupifupi pamutu pathu usiku wa miyezi ya June ndi July.

Mawotchi ndi zitsulo zogwa

Pali maganizo enanso akuti dark matter ndi yopepuka kwambiri moti simaoneka ngati tinthu koma ngati mafunde odzaza thambo lonse. Mafunde otere sangagunde atomu, koma angasinthe pang'ono zedi kagundidwe ka wotchi ya maatomu kapena kagwedwe ka zinthu. Mu 2014 Andrei Derevianko ndi Maxim Pospelov anaona kuti masetilaiti a GPS, amene foni yanu imadalira, ali kale ndi mawotchi otere. Chimtambo cha dark matter chitadutsa, mawotchiwo angaphonye motsatizana. Mu 2017 gulu lina linasanthula zolembedwa za zaka 16 ndipo silinapeze kuphonya kotere. Setilaiti ya MICROSCOPE ya ku France, yolemera makilogalamu pafupifupi 300, inagwira ntchito kuyambira 2016 mpaka 2018. Inayerekeza kagwedwe ka zitsulo ziwiri, pulatinamu ndi titaniyamu, ndipo inapeza kuti zimagwa mofanana pa mlingo wosayerekezeka. Zotsatirazi zinatsekanso makomo ena. Mawotchi ndi zoyezera zotere zikunka zichepa msinkhu, ndipo timasetilaiti tambiri tomwazika tingakhale ukonde waukulu kuposa dziko lenilenilo.

Walira mvula walira matope

Wothawa thanthwe wabwerera m'chigayo chija, ndipo kumwamba phokoso n'lalikulu kuposa pamtunda. Vuto loyamba ndi tinthu tamphamvu timene timagunda diso mosalekeza. Pali chigawo china, kuchokera ku South America kudutsa nyanja ya Atlantic mpaka kufupi ndi kum'mwera kwa Africa, kumene maginito a dziko ndi ofooka ndipo mapulotoni amatsika kufika m'njira za masetilaiti. Ngakhale telesikopu ya Hubble imaimitsa ntchito zina ikamadutsa pamenepo. Mapulotoniwa amavulaza silikoni pang'onopang'ono, n'kusiya timaenje timene timagwira maelekitironi ndi kuwamasula mochedwa, zimene zingaoneke ngati chizindikiro chenicheni. N'chifukwa chake timaso timayesedwa kaye pansi pano powomberedwa ndi mapulotoni.

Chothandiza n'chakuti pa CCD kanthu kalikonse kamasiya mapazi ake, monga nyama pamchenga wa kumtsinje. Muon imajambula mzere wowongoka. Elekitironi yamphamvu imasiya kanjira kokhotakhota ngati nyongolotsi. X-ray imasiya kadontho. Wofufuza amafufuta mapazi odziwikawa pamodzi ndi mapikiseli oyandikana nawo, n'kuwerenga zotsala. Koma mapazi akachulukitsa, malo oyera amatsala ochepa.

Vuto lachiwiri ndi kutentha. Silikoni ikafunda imamasula yokha maelekitironi, choncho timaso ta DarkNESS tiyenera kuzizira madigiri pafupifupi 103 pansi pa ziro. Kafiriji kochita zimenezi kamadya magetsi, pamene mapanelo a sola a kasetilaiti amapereka mphamvu yongokwanira mababu ochepa a m'nyumba. Kumwamba kulibe mpweya wochotsa kutentha, ndipo mphindi 90 zilizonse kabokosi kamalowa padzuwa n'kutulukira mumthunzi. Vuto lachitatu ndi nthawi. Kuyeza pikiseli mobwerezabwereza kumachedwa, ndipo tinthu tina timakhala tikugundabe, choncho kumwamba sangabwereze maulendo masauzande ngati m'mgodi. Zithunzi nazo n'zolemera, koma kasetilaiti kamalankhula ndi siteshoni ya pansi kwa mphindi zochepa pamene kakudutsa. Ndipo chinthu chikawonongeka, palibe wokakwera kukachikonza.

Phindu lake lenileni

Tisayembekezere kuti kabokosi ka magalamu ochepa kalanda ntchito ya matani a xenon. Pa WIMP yamanyazi, migodi ilibe wopikisana nayo. Ntchito ya timasetilaiti ndiyo kusuzumira m'ngodya zimene zimphona sizingaone, pa mtengo wochepa komanso m'zaka zochepa. Kakalephera kamodzi, kena kamamangidwa. Ndipo kakabwerako kopanda kanthu, ulendo sunapite pachabe. Kunena motsimikiza kuti kuno kulibe ndi nzeru yeniyeni, chifukwa mlenje wotsatira satayanso nthawi m'thengo lomwelo. XQC, HaloSat, mawotchi a GPS ndi MICROSCOPE zonse zinabwerako zopanda nyama, koma chilichonse chinachepetsa tchire lotsala. Palinso phindu la luso. Diso lowerenga elekitironi imodzi likapirira kumwamba, matelesikopu a mtsogolo osaka kuwala kofooka kwa mapulaneti akutali adzalidalira.

Chimene chimandikhudza mtima kwambiri n'chakuti njirayi yatsitsa mpanda. Funso lalikulu chonchi linali la mayiko okhala ndi mabiliyoni, koma HaloSat inamangidwa ndi gulu la pa yunivesite, ophunzira ali momwemo. Kuno kum'mwera kwa Africa maziko alipo. Matelesikopu a H.E.S.S. ku Namibia akhala akusaka cheza cha dark matter pakati pa Mlalang'amba. MeerKAT, ya madishi 64 ku Karoo, imayeza kuzungulira kwa mpweya m'milalang'amba, ntchito yomwe ija anaiyamba a Vera Rubin ndi anzawo. Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la mayiko a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchito ya Square Kilometre Array. Cape Peninsula University of Technology inakweza CubeSat yake mu 2013, ndipo Zimbabwe inakweza ZimSat-1 mu 2022, yomangidwa ndi mainjiniya ake ku Kyushu Institute of Technology ku Japan. Timasetilaiti timeneti sitinasake dark matter, koma luso lomanga kabokosi, kukapatsa magetsi, kukawongolera ndi kulankhula nako ndi lomwelo.

Padutsa zaka zoposa 90 kuchokera pamene Zwicky anaona kuti masamu sakugwirizana, ndipo chinthu chimene chagwira Mlalang'amba wathu kuti usabalalike sichinagwidwebe m'chipangizo chilichonse. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekhako kukufunika pansi pa thanthwe, kukufunikanso pamwamba pa mpweya. Inu aphunzitsi a sayansi, ndi inu achinyamata okonda masamu ndi zamagetsi, musaione nkhaniyi ngati ya eni ake akutali. Funsoli likadali lotseguka, ndipo chida chimodzi cholifufuzira chikukwana patebulo la m'kalasi.